Kusankha mwini matsenga mu Dungeons & Dragons: Wizard, Sorcerer, Warlock, Cleric, Druid kapena Bard

Munthu amene akukonza mtengambali wa matsenga (munthu wongopeka amene wosewera amamuyendetsa m'nkhani) mu masewera a patebulo a Dungeons & Dragons kwa nthawi yoyamba amakonda kuthamangira ku mndandanda wa matsenga umene uli cha kumapeto kwa buku la malamulo, poganiza kuti kusiyana kwa makalasi, ndiye kuti mitundu ya atengambali, kwagona pamenepo. Akauwerenga modekha amapeza kuti matsenga ambiri ndi ogawana. Tsenga lotchuka la Fireball, limene limaphulitsa moto pamtunda wa mamita pafupifupi 6 mbali zonse n'kuvulaza ndi madayisi 8 a mbali 6, angaliponye Wizard, Sorcerer, Warlock amene anapangana ndi Fiend, Cleric wa Light, ngakhalenso Bard akalibwereka ku kalasi ina. Moto wake ndi womwewo. Chimene chimasiyana ndi zimene wosewera aliyense analipira kuti motowo aupeze, nthawi imene anasankha kuti akhale nawo, ndiponso nthawi imene adzathe kuuponyanso, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene munthu amakumva akakhala patebulo kwa maola atatu kapena anayi.

Manambala onse m'kalozera uyu ndi a malamulo a mtundu wachisanu amene kampani ya Wizards of the Coast inatulutsa mu 2014, ndipo pamene buku lokonzedwanso la 2024 linasintha chinthu chachikulu ndanenapo. Mayina a makalasi ndi a matsenga ndawasiya m'Chingerezi monga alili m'mabuku, pakuti mawu ngati mfiti kapena sing'anga ali ndi katundu wawowawo pakati pathu, amene sagwirizana ndi anthu ongopeka a m'masewera a madayisi, pensulo ndi pepala.

## Kumene kusiyanaku kunachokera

Pamene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa masewerawa mu 1974 kudzera ku kampani ya TSR ya ku Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin, munali makalasi atatu okha, ndipo awiri mwa iwo anali a matsenga: Magic-User ndi Cleric. Kachitidwe ka matsengawo kanatengera nkhani za Jack Vance, makamaka The Dying Earth ya mu 1950, momwe katswiri amaloweza tsenga ndipo akangoliponya limafufutika m'mutu mwake mpaka atalilowezanso. Kwa zaka zoposa 20 wosewera ankalemba m'mawa wa tsiku la m'nkhani kuti wanyamula matsenga ati ndiponso lililonse kangati, ndipo amene walowezera molakwika ankangotsata anzake tsiku lonse ali manja lende. Sorcerer anabwera mu 2000 m'malamulo a mtundu wachitatu ngati munthu wosafunika kukonzekera, ndipo Warlock anabwera mu 2004 m'buku la Complete Arcane ngati munthu amene mphamvu yake yaikulu siitha. Malamulo a 2014 anamasula onse pang'ono polekanitsa mndandanda wa matsenga amene munthu wakonzekera ndi mipata imene amawononga powaponya. M'maganizo mwanga, kalasi iliyonse ya lero ndi yankho losiyana pa vuto lakale lomwelo la mphamvu imene imatha tsiku lisanathe.

## Miyeso imene tigwiritse ntchito

Mtengambali amakwera kuchokera pa levulo 1 kufika pa 20, pamene matsenga ali ndi milingo kuyambira 1 mpaka 9. Poponya tsenga amawononga mpata umodzi wa mlingo woyenera, kupatula timatsenga ting'onoting'ono totchedwa cantrip timene amaponya kangati konse. Mipata imabwerera akapuma, ndipo mipumulo ilipo iwiri: waufupi wa ola limodzi ndi wautali wa maola 8. Matsenga ambiri amphamvu amafunanso concentration, kutanthauza kuti woponyayo angagwirize limodzi lokha pa nthawi imodzi, ndipo akavulazidwa amaponya dayisi ya Constitution, muyeso wa kulimba kwa thupi, kuti tsengalo lisazime.

Kalasi iliyonse tiyiona pa mitu inayi. Mtengo ndi zimene mtengambali amataya kuti apeze mphamvu, kaya ndi ndalama zagolide za m'nkhani, kaya mapointi a moyo, kaya ufulu wake. Kupezeka ndi momwe amapezera matsenga ndiponso nthawi imene ali nawo m'manja. Kusamalira ndi ntchito ya inuyo wosewera, yowerenga, yolemba ndi yokumbukira. Zoopsa ndi njira zimene kalasiyo ingakukhumudwitsireni ikakumana ndi tebulo losayenera.

Pa ndalama zenizeni makalasi onse asanu ndi limodzi amayamba mofanana, ndipo zimenezi n'zofunika kwa amene buku lamapepala ayenera kuchita kuliitanitsa kunja. Chikalata cha System Reference Document 5.1, chimene chinaikidwa pansi pa layisensi ya Creative Commons mu Januwale 2023, chili pa intaneti kwaulere ndipo muli makalasi onsewa, koma iliyonse ili ndi nthambi (njira yapadera ya mkati mwa kalasi) imodzi yokha: Evocation ya Wizard, Draconic Bloodline ya Sorcerer, Fiend ya Warlock, Life ya Cleric, Land ya Druid ndi Lore ya Bard. Wofuna nthambi zina ayenera kupeza buku la malamulo la osewera, Player's Handbook.

## Wizard

Mtengo. Wizard amalipira ndi thupi ndiponso ndi thumba. Dayisi yake ya moyo ndi ya mbali 6, choncho pa levulo 1 amayamba ndi mapointi 6 kuphatikiza bonasi ya Constitution, ndipo sadziwa kuvala chovala chilichonse chankhondo. Kuti atetezeke amawononga mpata pa Mage Armor m'mawa ndi ina pa Shield nkhondo ili mkati, zimene zikutanthauza kuti pa malevulo oyambirira theka la mphamvu zake lingathere pa kungokhala ndi moyo. Kukopera tsenga latsopano m'buku lake kumafuna ndalama zagolide 50 ndi maola 2 pa mlingo uliwonse, kotero Fireball wopezeka pa mpukutu amadya ndalama 150 ndi maola 6.

Kupezeka. Apa ndi pamene ali mfumu. Mndandanda wake ndi waukulu kuposa wa kalasi ina iliyonse, amayamba ndi matsenga 6 m'buku, amaonjezera awiri aulere pa levulo iliyonse, ndipo palibe malire pa amene angakopere m'mabuku a adani ogonja. M'mawa uliwonse amasankha ochuluka molingana ndi levulo yake kuphatikiza bonasi ya Intelligence, muyeso wa nzeru (18 imapereka bonasi ya 4). Pa levulo 5, wa Intelligence 18 amakonzekera 9 kuchokera m'buku la matsenga osachepera 14. Mphatso imene ongoyamba kumene amaiderera ndi yakuti matsenga a mtundu wa ritual, monga Detect Magic, Identify ndi Find Familiar, amawaponya kuchokera m'buku popanda kuwakonzekera ndiponso popanda kuwononga mpata, bola aonjezerepo mphindi 10. Chimene alibe ndi matsenga ochiritsa ngati Cure Wounds.

Kusamalira. Ntchito yake ndi yaikulu kuposa ya onse, chifukwa mumasunga mindandanda iwiri, wa m'buku ndi wa tsikulo, ndipo muyenera kudziwa zimene tsenga lililonse limachita nthawi yanu yosewera isanafike. Wosewera wa Wizard amaganiza za mawa: amafunsa amalonda za m'phanga limene gulu likupita, amatumiza kadzidzi amene anamuitana ndi Find Familiar kukazonda, kenako amasintha mndandanda usiku.

Zoopsa. Buku likhoza kubedwa, kupsa kapena kumira, ndipo kulemba lina lapadera kumafuna ndalama 10 ndi ola limodzi pa mlingo uliwonse. Choopsa chachikulu ndi DM, ndiye kuti woyendetsa masewera, amene sapereka mipukutu, ndalama kapena masiku opumira, chifukwa pamenepo mphatso yokopera imangokhala mawu a papepala. Palinso chizolowezi chofuna kunyamula chilichonse, chimene chimachedwetsa tebulo lonse pamene mwini buku akutsegula masamba. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

## Sorcerer

Mtengo. Sorcerer anabadwa ndi mphamvu yake, choncho salipira golide ndipo palibe angamulande buku. Amalipira ndi kuchepa kwa zida: amadziwa matsenga 2 pa levulo 1, 6 pa levulo 5, ndipo m'malamulo a 2014 amathera pa 15 basi. Thupi lake ndi lofooka ngati la Wizard, ngakhale kuti ali ndi luso pa dayisi yodzipulumutsira ya Constitution, chimene chimamuthandiza kugwiriza concentration pamene Wizard akanaitaya.

Kupezeka. Zochepa zimene akudziwazo ali nazo nthawi zonse ndipo amatha kuzipinda. Kuyambira levulo 2 amalandira mapointi a sorcery ochuluka ngati levulo yake, ndipo pa levulo 3 amasankha njira ziwiri za Metamagic. Subtle Spell imadya pointi imodzi ndipo imamulola kuponya popanda mawu kapena kugwedeza manja, motero angathe kusokoneza maganizo a mlonda pakati pa bwalo la mfumu anthu onse akuyang'ana. Quickened Spell imadya mapointi 2 n'kufulumizitsa tsenga, ndipo Twinned Spell imagawira anthu awiri tsenga la munthu mmodzi. Mapointiwo angasandulikenso mipata, koma mpata wa mlingo 3 umadya mapointi 5, amene pa levulo 5 ndi onse amene ali nawo. Matsenga a ritual sawatha m'malamulo a 2014.

Kusamalira. Patebulo ntchito ndi yochepa, pakuti mndandanda wonse umakwana pa tsamba limodzi. Kulemera kwake kuli pa tsiku lokwera levulo, chifukwa ndi pokhapo pamene amaloledwa kusintha tsenga limodzi, ndipo kusankha kolakwika mumayenda nako kwa milungu yambiri ya masewera.

Zoopsa. Ongoyamba kumene amatenga matsenga a moto okhaokha, kenako akakumana ndi mdani wosapsa kapena chitseko chokhoma amasowa chochita. Kupinda matsenga kulinso ndi ngozi yakeyake: wogawira anzake awiri Haste, tsenga lowapatsa liwiro, akangotaya concentration, onse awiri amataya nthawi yawo yotsatira yosewera. Nthambi ya Wild Magic imadalira kwambiri DM, amene ndiye amalamula kuti dayisi ya chisokonezo iponyedwe, ndipo mwa zotuluka zake muli Fireball wophulikira pa woponyayo, amene pa levulo yotsika angagwetse gulu lonse. Buku la 2024 linafewetsa kalasiyi pobweretsa Metamagic pa levulo 2 ndi kukweza chiwerengero cha matsenga kufika pa 22 pa levulo 20.

## Warlock

Iyi ndiyo kalasi imene imasiyana kwambiri ndi zinzake m'kachitidwe, ndipo ndiyo imene ndaona ikukondweretsa kapena kukhumudwitsa anthu chifukwa cha tebulo osati chifukwa cha luso lawo.

Mtengo. Mphamvu ya Warlock ndi ya pangano ndi mwini wina wamkulu, amene m'buku la 2014 angakhale Archfey, Fiend kapena Great Old One. Malamulo sanena kuti mwiniyo angalande mphamvuzo, koma nkhani yonse ya mtengambali imakhala ndi ngongole, ndipo DM wabwino amabwera kudzaitolera pa nthawi yovuta. Walira mvula walira matope: wosankha kalasiyi wavomera kuti wina akhale ndi mawu pa zochita zake. Pa thupi ali bwinoko, ndi dayisi ya moyo ya mbali 8 ndi chovala chankhondo chopepuka.

Kupezeka. Ali ndi mpata umodzi pa levulo 1, mipata 2 kuyambira levulo 2 mpaka 10, itatu pa 11 ndi inayi pa 17. Mipata yonseyo imakhala ya mlingo wapamwamba umene wafika, mpaka mlingo 5, ndipo imabwerera akapuma ola limodzi lokha. Tiyerekeze pa levulo 5. Wizard ali ndi mipata 9 pa tsiku, koma iwiri yokha ndiyo ya mlingo 3. Warlock ali ndi iwiri, yonse ya mlingo 3, ndipo gulu likapuma kawiri pa tsikulo amakhala waponya matsenga 6 a mlingo umenewo. Gulu likapanda kupuma amatsala ndi iwiri yokhayo. Pakati pa mipatayo amadalira Eldritch Blast, cantrip yofika mamita pafupifupi 36 yovulaza ndi dayisi ya mbali 10, imene imaombera kawiri pa levulo 5, katatu pa 11 ndi kanayi pa 17. Amasankhanso mphatso zotchedwa Eldritch Invocations, zimene zambiri sizitha: Agonizing Blast imaonjezera bonasi ya Charisma pa kuombera kulikonse, Mask of Many Faces imamulola kusintha maonekedwe nthawi iliyonse, ndipo Devil's Sight imamuonetsa ngakhale mumdima wa matsenga. Matsenga a milingo 6 mpaka 9 amawapeza limodzi pa mlingo uliwonse, loponya kamodzi pa tsiku.

Kusamalira. Patebulo ndi kalasi yosavuta kuposa onse asanu ndi mmodzi, chifukwa simuwerenga mipata ya milingo yosiyanasiyana. Pomanga mtengambali ndiye pali zambiri zosankha: mwini pangano, mphatso ya levulo 3 pakati pa Chain, Blade ndi Tome, ndi ma Invocation. Ntchito ina imene buku silitchula ndi yokambirana ndi DM za mwini panganoyo, zimene akufuna ndi mmene amalankhulira, pakuti popanda zimenezo theka la kukoma kwa kalasiyi limatayika.

Zoopsa. Buku la DM la 2014 linaganizira tsiku la nkhondo 6 mpaka 8 zapakatikati kapena zovuta, lokhala ndi mipumulo yaifupi pafupifupi iwiri. Matebulo ambiri sasewera chotero. Amakhala ndi nkhondo imodzi yaikulu kenako onse kukagona. Patebulo lotere Wizard ndi Cleric amakhuthula mphamvu zawo zonse nthawi imodzi, pamene Warlock akatha mipata iwiri amangobwereza Eldritch Blast mpaka nkhondo ithe, ndipo ambiri amatopa nazo. Buku la 2024 linaonjezera Magical Cunning pa levulo 2, imene imabweza mipata ina mwa mwambo wa mphindi imodzi kamodzi pa tsiku, koma vutolo silinatheretu. Chinanso choyenera kunena poyera n'chakuti nthambi yaulere ndi ya Fiend, ndipo pali osewera amene nkhani ya pangano ndi chiwanda sawasuka nayo ngakhale ili yongopeka. Funsani anzanu musanayambe. Archfey amapereka kachitidwe komweko popanda mutu umenewo.

## Cleric

Mtengo. Pa manambala Cleric ndiye amalipira zochepa: dayisi ya moyo ya mbali 8, chovala chankhondo chapakatikati ndi chishango, ndipo nthambi ngati Life, Tempest ndi War zimapereka chovala cholemera. Golide wake amathera pa anzake, chifukwa Revivify, imene imaukitsa womwalira mphindi imodzi isanathe, imawononga miyala ya dayamondi ya ndalama 300, ndipo Raise Dead imafuna ya 500. Ndalama zimenezi ziyenera kuchokera m'thumba la gulu lonse, ndipo n'kwanzeru kugwirizana zimenezo wina asanafe.

Kupezeka. Mndandanda wonse wa kalasi ndi wake kuyambira tsiku loyamba, popanda buku ndiponso popanda kukopera. M'mawa uliwonse amasankha ochuluka molingana ndi levulo kuphatikiza bonasi ya Wisdom, ndipo matsenga a nthambi yake amakhala okonzeka nthawi zonse popanda kuwerengedwa, motero pa levulo 5 wa Wisdom 18 amanyamula 15, poyerekeza ndi 9 a Wizard ndi 6 a Sorcerer. Nthambi 7 za m'buku la 2014 zimasiyana kwambiri, mwakuti Cleric wa Light ndi wa Trickery samveka ngati anthu a kalasi imodzi. Channel Divinity, mphamvu yapadera yochokera kwa mulungu wa mtengambaliyo, imabwera pa levulo 2 ndipo imabwerera pa mpumulo waufupi.

Kusamalira. Muyenera kuwerenga mndandanda wonse wa mlingo uliwonse watsopano, koma kulakwitsa kulikonse kumakonzeka m'mawa wotsatira, chimene chimachititsa kalasiyi kukhala yokhululuka kwambiri kwa wophunzira.

Zoopsa. Choopsa chake ndi anzanu, amene angakuoneni ngati chipatala choyenda. M'malamulo a 2014 kuchiritsa nkhondo ili mkati sikupindulitsa kwenikweni, popeza Cure Wounds imabweza dayisi imodzi ya mbali 8 ndi bonasi, zimene mdani amachotsanso ndi nkhonya imodzi. Cleric amathandiza kwambiri akayamba ndi Bless, imene imaonjezera dayisi ya mbali 4 kwa anzake atatu, kapena Spirit Guardians, imene imavulaza adani omuyandikira ndi madayisi 3 a mbali 8, n'kusunga Healing Word kuti adzutse wakugwa ali chapatali. Buku la 2024 linawirikiza madayisi a matsenga ochiritsawa.

## Druid

Mtengo. Dayisi ya moyo ndi ya mbali 8, ndipo m'malamulo a 2014 Druid savala chovala kapena kunyamula chishango chachitsulo, lamulo limene linachotsedwa mu 2024. Nthambi ya Moon, imene ambiri amaifuna, ilibe m'chikalata chaulere.

Kupezeka. Amakonzekera kuchokera ku mndandanda wonse ngati Cleric, koma matsenga ake ndi olamula malo: Entangle imakola adani ndi udzu, Spike Growth imadzaza njira ndi minga, Pass without Trace imaonjezera 10 pa luso lobisala la gulu lonse, ndipo Goodberry imapereka zipatso 10 zokhutitsa munthu tsiku lathunthu chilichonse. Pamwamba pa izi pali Wild Shape, kusanduka nyama imene anaionapo, kawiri pakati pa mipumulo. Druid wamba amayamba ndi nyama zazing'ono, amaloledwa zosambira ngati ng'ona pa levulo 4 ndi zouluka pa levulo 8. Wa Moon angasanduke mkango kapena chimbalangondo cha mapointi 34 a moyo pa levulo 2 pomwe, ndipo njovu amaifikira pa levulo 12.

Kusamalira. Ndi yolemera ngati ya Wizard, mwinanso kuposa, chifukwa kuonjezera pa matsenga muyenera kukhala ndi manambala a nyama iliyonse imene mungasanduke kapena kuitana. Lembani makadi a nyama zinayi kapena zisanu kunyumba. Conjure Animals ya 2014 ingabweretse nyama 8 nthawi imodzi, ndipo wosewera wosakonzeka amadya theka la ola la anzake poziyendetsa.

Zoopsa. Matsenga ake abwino pafupifupi onse amafuna concentration, choncho ngakhale atakonzekera khumi, amagwiritsa limodzi pa nkhondo. Ali m'thupi la nyama saponya tsenga latsopano mpaka levulo 18, ngakhale angapitirize kugwiriza limene anaponya kale. Mphamvu ya Moon imaoneka yodabwitsa pa malevulo 2 mpaka 4, koma imatsika poyerekeza ndi ankhondo enieni akafika pa levulo 5 n'kuyamba kumenya kawiri.

## Bard

Mtengo. Bard amagawa mphamvu zake pakati pa matsenga ndi maluso, ndipo chimene amataya ndi kuvulaza mwachindunji. Cantrip yake yodziwika, Vicious Mockery, imavulaza ndi dayisi ya mbali 4 yokha m'malamulo a 2014.

Kupezeka. Amadziwa matsenga 4 pa levulo 1, 8 pa levulo 5 ndi 22 pa levulo 20, ndipo amasintha pokwera levulo basi ngati Sorcerer, koma iye amachiritsa ndipo amatha matsenga a ritual amene akuwadziwa. Bardic Inspiration ndi dayisi imene amapatsa mnzake, ya mbali 6 poyamba mpaka kufika pa 12, ndipo kuyambira levulo 5 imabwerera pa mpumulo waufupi. Pa levulo 10 Magical Secrets imamulola kutenga matsenga awiri a kalasi ina iliyonse, ndipo nthambi ya Lore imapeza awiri ena pa levulo 6.

Kusamalira. Zolemba ndi zochepa, koma maso anu ayenera kukhala pa anzanu nthawi zonse, kuwakumbutsa dayisi imene munawapatsa isanathe mphindi zake 10.

Zoopsa. Matsenga ake ambiri amagwira maganizo, ndipo pali adani amene sagwidwa nawo: Sleep siigwira akufa oyenda, Hold Person imagwira okhawo a mtundu wa anthu. Palinso chiyembekezo chakuti wosewera wa Bard azilankhulira gulu pa zokambirana zonse, chimene chimalemera kwa munthu wamanyazi, ngakhale kuti malamulo safuna kuti muimbe kapena kuchita sewero patebulo.

## Iti ikuyenera ndani

Musanasankhe funsani DM mafunso atatu: kodi pa tsiku limodzi la m'nkhani mumakhala nkhondo zingati, kodi mudzapezeka ndalama ndi masiku opumira, ndipo kodi nkhaniyo idzafika pa levulo iti. Nkhani zambiri zimatha levulo 10 isanakwane, choncho musasankhe kalasi chifukwa cha mphatso ya pa levulo 17.

Ngati ndi nthawi yanu yoyamba ndipo mukuopa kulakwitsa, tengani Cleric, makamaka wa Life amene ali m'chikalata chaulere, chifukwa thupi lake limapirira ndipo mndandanda wake umasintha m'mawa uliwonse. Ngati mumakonda kuwerenga malamulo pakati pa sabata, kukonza mapulani ndi kukhala ndi yankho la vuto limene anzanu sanaliganizire, Wizard ndi wanu, bola DM avomere kuti mipukutu ndi mabuku zizipezeka. Amene Wizard wa 2014 akumuona kuti wafewa kwambiri, ndipo akufuna kuloweza mpata uliwonse paokha monga kale, ayang'ane Pathfinder ya mtundu wachiwiri, imene kampani ya Paizo inatulutsa mu 2019, chifukwa kumeneko kachitidwe ka Vance kakadalipo.

Ngati muli kale ndi chithunzi chooneka bwino cha mtengambali wanu, monga mwana wa chinjoka kapena kazitape woponya matsenga mosaoneka, ndipo mumakonda kudziwa bwino zida zochepa, sankhani Sorcerer, koma mwa matsenga anu 6 oyamba muikemo lodzitetezera limodzi ndi lothandiza kunja kwa nkhondo limodzi. Warlock ndi woyenera tebulo loyenda m'mapanga aatali, la nkhondo zambiri ndi mipumulo yaifupi, komanso wosewera amene akufuna kuti nkhani ya mtengambali wake ikhale ndi wina womukoka kumbuyo. Patebulo la nkhondo imodzi pa tsiku, mutengeni pokhapokha DM atalonjeza kusintha kapumidwe. Druid amawala pa nkhani za ulendo wa m'nkhalango, m'mapiri ndi m'madambo, ndiponso m'gulu laling'ono la anthu atatu limene likusowa woima kutsogolo, koma m'gulu la anthu 6 kapena 7 pewani kuitana nyama zambiri. Bard ndi wa nkhani za m'mizinda ndi m'mabwalo a mafumu, kapena wa gulu limene lili kale ndi omenya mwamphamvu ndipo likusowa wolumikiza maluso awo.

Otsala ndi amene akufuna kulawa matsenga popanda kusenza mndandanda wautali. Iwowa aganizire Paladin kapena Ranger, amene m'malamulo a 2014 amayamba matsenga pa levulo 2 n'kuthera pa mlingo 5, ndipo mipata yawo ikatha amakhala akadali ndi lupanga kapena uta m'manja.